Khadi la chipani ndi ndende ya Dzaleka pa sikelo ya fiqh

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wake Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Ophunzira a m'madrasa athu amaidziwa bwino nkhani ya Imam Ahmad ibn Hanbal, momwe anakwapulidwira ku Baghdad chifukwa chokana kunena mawu omwe boma linkafuna. Mukawafunsa ophunzira omwewo za Dzaleka, ambiri amangodziwa kuti ndi msasa wa anthu othawa nkhondo m'boma la Dowa. Sadziwa kuti malowo asanasanduke msasa mu 1994 anali ndende, ndipo ambiri mwa omwe anatsekeredwamo anali alimi wamba, amayi ndi ana, omwe mlandu wawo unali kukana kugula khadi. Kuchokera ku Nambuma kapena kwa Kabudula, Dzaleka si kutali. Akuluakulu omwe anaona zimenezi ndi maso akadalipo m'midzi yathu, ngakhale akunka nachepa chaka ndi chaka. Nkhani ino ikufuna kuika mbiri ziwirizi pamodzi, ya ku Baghdad ndi ya kwathu kuno, kuti tione chomwe Shariya ikunena pa munthu womangidwa chifukwa cha zomwe amakhulupirira, ngakhale munthuyo atakhala kuti si Msilamu.

Omangidwa amene anadzamanga anzawo

Kumanga munthu chifukwa cha ulaliki sikunayambe ndi boma la chipani chimodzi. Mu 1909 boma la atsamunda linagwira Elliot Kamwana, yemwe ankalalikira ziphunzitso za Watch Tower ku Nkhata Bay, n'kumuchotsa m'dziko. Pambuyo pake anamusunga pa zilumba za Mauritius ndi Seychelles, ndipo anabwerera kwawo mu 1937. Pa 3 March 1959 atsamunda omwewo analengeza State of Emergency. Dr Hastings Kamuzu Banda anakamutsekera ku Gwelo, komwe lero kumatchedwa Gweru ku Zimbabwe, mpaka April 1960, ndipo atsogoleri ena ambiri a Nyasaland African Congress anawasunga ku Kanjedza, ku Limbe, popanda kuwazenga mlandu.

Wina akanaganiza kuti anthu omwe analawa ndende yotere akadzalamulira adzaithetsa. Sizinatero. Dziko litalandira ufulu mu 1964, lamulo la Preservation of Public Security lomwe atsamunda anasiya linapitirira kugwira ntchito, ndipo linkapatsa boma mphamvu yosunga munthu m'ndende nthawi ina iliyonse popanda kumutengera ku khoti. Mu 1966 Malawi anakhala dziko la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Dr Banda anakhala mtsogoleri wamuyaya. Chizindikiro cha kumvera chinali khadi la Malawi Congress Party. Mtengo wake unali wochepa, koma popanda khadilo munthu ankabwezedwa pa chipata cha msika, pokwera basi, nthawi zina ngakhale pa chipatala. Aliyense amene anagulitsapo mbewu pa msika wa Nsaru kapena wa Namitete m'zaka zimenezo akukumbukira ayufi ataima polowera, akufunsa makhadi.

Zomwe zinagwera a Mboni za Yehova

A Mboni za Yehova amakhulupirira kuti sayenera kulowa chipani chilichonse cha ndale. Msonkho wa boma ankakhoma, koma khadi anakana. Ziwawa zowachitira zinayamba mu 1964. Mu September 1967 msonkhano waukulu wa chipani womwe unachitikira ku Mzuzu unapempha boma kuti liletse mpingowo, ndipo mu October chaka chomwecho unaletsedwadi. Nyumba zinatenthedwa, anthu anamenyedwa, amayi ambiri anagwiriridwa.

Mu September 1972 msonkhano wa chipani ku Zomba unapitirira apo. Unagwirizana kuti a Mboni achotsedwe ntchito m'boma ndi m'makampani, asaloledwe kuchita malonda, ndipo athamangitsidwe m'midzi. Kwa anthu a kuno kumadzulo kwa Lilongwe malire apafupi ndi a Zambia, kudzera ku Mchinji. Anthu pafupifupi 20,000 anakasonkhana pa msasa wa Sinda Misale m'chigawo chakum'mawa kwa Zambia, komwe ambiri, makamaka ana, anamwalira ndi matenda. Mu December 1972 anawabweza pa malole n'kuwatsitsa ku Lilongwe, kuwauza kuti abwerere kumidzi kwawo akagule makhadi. Atakananso, ambiri anathawira ku Mozambique, ku msasa wa Mlangeni m'chigawo cha Tete. Mu 1975 dziko la Mozambique litalandira ufulu, boma la Frelimo linawabwezanso. Apa m'pamene masauzande anatsekeredwa ku Dzaleka. Dzina lokhalo likunena cholinga cha malowo, kuti wolowamo atuluke akunena kuti n'dzaleka. Chiletso cha mpingowo chinachotsedwa pa 12 August 1993, patatha zaka pafupifupi 26.

Msilamu asaganize kuti moto umenewu unkapsereza nyumba za ena okha. Henry Masauko Chipembere atayesa kuukira boma mu February 1965, boma la Mangochi, komwe Asilamu ndi ochuluka, linakhala dera lokayikiridwa kwa zaka zambiri. Kumayambiriro a zaka za m'ma 1970 anthu mazanamazana a m'mudzi wa Moto m'bomalo, amuna, amayi ndi ana, anatengedwa onse pamodzi n'kukatsekeredwa ku Dzaleka komweko powaganizira kuti ankathandiza otsatira a Chipembere. Boma lomwe linamanga mlimi wa Mboni ndi lomwenso linamanga msodzi wa ku Mangochi. Ndi lomwenso linasunga mlakatuli Jack Mapanje ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda mlandu. Orton ndi Vera Chirwa anagwidwa mu December 1981, bwalo la mafumu linawagamula kuti aphedwe mu 1983, chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse, ndipo Orton anafera m'ndende ya Zomba mu October 1992. Akale anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Maimamu athu ankaima mbali iti?

Tikatsegula mabuku a mbiri ya ma ulama, timapeza kuti anthu omwe timatsatira fiqh yawo nthawi zambiri anali mkati mwa ndende, osati pa mpando wa woilamulira.

Imam Abu Hanifa anakana udindo wa woweruza womwe Khalifa al-Mansur ankamukakamiza, ndipo anamwalira ali m'manja mwa boma ku Baghdad mu 150 AH (767). Nkhani ya Imam Malik ndi imene ikufanana kwambiri ndi ya khadi. Iye ankaphunzitsa kuti talaka ya munthu wokakamizidwa siigwira ntchito. Muhammad al-Nafs al-Zakiyya ataukira ufumu wa Abbasi ku Madina mu 145 AH (762), anthu anaona msanga komwe chiphunzitsochi chikupita: ngati talaka yokakamiza ilibe mphamvu, ndiye kuti bay'a, lumbiro la kumvera mtsogoleri, ikatengedwa mokakamiza ilibenso mphamvu. Bwanamkubwa wa Madina, Ja'far ibn Sulayman, anamuletsa kuphunzitsa zimenezi. Imam Malik anapitiriza, ndipo anakwapulidwa mpaka mkono unaguluka paphewa.

Mu 218 AH (833) Khalifa al-Ma'mun anayambitsa mihna, mayeso omwe ma ulama ankafunsidwa kuvomereza poyera kuti Qur'an ndi cholengedwa. Imam Ahmad anakana. Anamangidwa maunyolo, mnzake Muhammad ibn Nuh anafera m'njira, ndipo iye anakhala m'ndende zaka ziwiri ndi miyezi ingapo, n'kukwapulidwa pamaso pa Khalifa al-Mu'tasim. Kwa ife otsatira madh-hab a Imam Shafi'i, dzina lomwe sitiyenera kuliiwala ndi la al-Buwayti, wophunzira wamkulu wa Imam Shafi'i yemwe analowa m'malo mwake pophunzitsa ku Egypt. Anamutenga ali m'maunyolo kupita naye ku Baghdad m'nthawi ya al-Wathiq, ndipo anafera m'ndende mu 231 AH (846). Olemba mbiri akusimba kuti Lachisanu lililonse ankasamba, kuchapa zovala zake, ndipo akamva azana ankayenda mpaka pa khomo la ndende, mlonda n'kumubweza. Mihna inatha m'nthawi ya al-Mutawakkil, cha m'ma 234 AH.

Tione bwino apa. Omwe anamanga maimamuwa sanali achikunja. Anali makhalifa a Asilamu, okhala ndi oweruza ndi ophunzira awo omwe ankawauza kuti akuteteza chipembedzo ndi umodzi wa dziko. Boma la chipani chimodzi nalonso linkati likuteteza umodzi, kumvera, kukhulupirika ndi mwambo. Ummah unaweruza nkhaniyi kalekale: mayina a omangidwa timawatchula ndi dua, pomwe mayina a owamanga timawakumbukira chifukwa cha chikwapu.

Anthu atatu pa chipata cha msika

Mutu wa ikrah, kukakamizidwa, m'mabuku a fiqh ukutithandiza kusiyanitsa anthu atatu omwe ankakumana pa chipata cha msika.

Woyamba ndi yemwe anagula khadi chifukwa cha mantha. Ambiri mwa makolo athu, Asilamu ndi Akhristu, anali m'gulu ili. Alibe tchimo. Ammar ibn Yasir, Allah asangalale naye, ataona makolo ake akuphedwa ku Makka, anatchula mawu a ukafiri pothawa chizunzo, ndipo ayah 106 ya Surah al-Nahl inamuchotsera mlandu chifukwa mtima wake unali wokhazikika pa chikhulupiriro. Ngati chilolezo chilipo pa mawu aakulu chotere, nanga pa kapepala ka chipani? M'nthawi ya mihna akatswiri a hadith monga Yahya ibn Ma'in ndi Ali ibn al-Madini anayankha zomwe boma linkafuna pothawa chilango, ndipo mpaka lero timalandira maphunziro awo. Mwana wa lero asanyoze agogo ake chifukwa anali ndi khadi m'thumba. Koma tidziwenso kuti, malinga ndi chiphunzitso cha Imam Malik, khadi logulidwa motero silinali umboni wakuti munthu wavomereza chilichonse.

Wachiwiri ndi yemwe anakana n'kulandira zotsatira zake. Fiqh imati kutenga chilolezo n'kololedwa, koma kupirira pa choonadi n'kwapamwamba, monga anachitira Bilal pa mchenga wotentha wa Makka. Malipiro a kwa Allah pa kupirira amayendera limodzi ndi chikhulupiriro cholondola, ndipo pa aqida ife ndi a Mboni tikusiyana kutali. Zimenezo sitikubisa. Funso la fiqh pano ndi lina: kodi munthu amene sanabe, sanaphe, wakhoma msonkho, koma wakana kulumbira chomwe mtima wake ukukana, ali ndi mlandu womumangira? Yankho ndi lakuti alibe.

Wachitatu ndi yemwe anagwira chibonga, yemwe analoza nyumba, yemwe anayatsa denga. Ambiri mwa awa amadziwiringula kuti nawonso ankatumidwa ndipo akanakana akanaona zakuda. Apa fiqh yaika malire oonekeratu. Ikrah imamasula lilime la munthu kuti adzipulumutse, koma siimupatsa ufulu pa magazi a mnzake. Ma ulama agwirizana kuti wokakamizidwa kupha saloledwa kupha, chifukwa moyo wake suposa wa winayo, ndipo mawu odalirika m'madh-hab a Shafi'i ndi akuti chilango cha qisas chimagwera onse awiri, wotuma ndi wotumidwa. Kugwirira mkazi nakonso sikuloledwa ndi ikrah. Mfundo yakuti palibe kumvera cholengedwa pa kunyoza Mlengi imakhudza wapolisi, mfumu ya m'mudzi ndi mnyamata wa chipani chimodzimodzi.

Ndende m'malamulo a Chisilamu

Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, analibe nyumba ya ndende. Thumama ibn Uthal anamangiriridwa pa mzati wa mzikiti masiku atatu kenako anamasulidwa. Hadith ina ikusimba kuti Mtumiki anasungapo munthu womuganizira mlandu kwa nthawi yochepa kenako n'kumumasula. Umar ibn al-Khattab ndiye anagula nyumba ya Safwan ibn Umayya ku Makka pa madirihamu 4,000 kuti ikhale ndende, ndipo Ali ibn Abi Talib anamanga ndende ku Kufa.

Ndende zitachuluka, ma faqih anaziikira malire. Al-Mawardi, wa madh-hab a Shafi'i yemwe anamwalira mu 450 AH (1058), m'buku lake al-Ahkam al-Sultaniyya akutchula maganizo a al-Zubayri akuti kusunga munthu pofuna kufufuza mlandu kusapitirire mwezi umodzi. Abu Yusuf, woweruza wamkulu wa Harun al-Rashid, m'buku la Kitab al-Kharaj analangiza Khalifa kuti akaidi azidyetsedwa ndi chuma cha boma, azipatsidwa zovala za nyengo yozizira ndi yotentha, asamatulutsidwe m'maunyolo kukapemphetsa m'misewu, ndipo womwalira m'ndende wopanda abale asambitsidwe ndi kuikidwa m'manda mwaulemu. Anati gawo la mkaidi liziperekedwa ngati ndalama m'manja mwake mwezi ndi mwezi, chifukwa likaperekedwa ngati chakudya oyang'anira ndende amalidya. Analangizanso kuti milandu ya akaidi iziunikidwa pafupipafupi, wolakwa alangidwe n'kumasulidwa, wosalakwa apite kwawo. Tikaika ndende ya Dzaleka kapena Mikuyu pa sikelo imeneyi, komwe munthu ankakhala zaka osauzidwa mlandu wake, sitifunika kusakasaka chigamulo. Kunali kupondereza, zulm, ndipo dzina lina palibe.

Nanga poti si a chipembedzo chathu?

Wophunzira wina angafunse kuti: anthu amene amaphunzitsa zosemphana ndi tauhidi, tiwadandaulirenji? Funsoli linayankhidwa kale ndi zochita za ma ulama awiri.

M'nthawi ya Abbasi, Akhristu ena a m'mapiri a Lebanon anaukira boma, ndipo bwanamkubwa Salih ibn Ali anasamutsa anthu a m'midzi imeneyo mosasiyanitsa. Imam al-Awza'i, yemwe anamwalira mu 157 AH (774), anamulembera kalata yomudzudzula. Mfundo yake inali yakuti gulu lonse silingalangidwe chifukwa cha ochepa, popeza Qur'an ikuphunzitsa kuti munthu sasenza mtolo wa machimo a mnzake, ndipo anthuwo sanali akapolo oti n'kumangowasuntha koma mfulu zokhala ndi pangano la chitetezo. Kalata imeneyi ikanatha kulembedwa pa nkhani ya mudzi wa Moto kapena ya mabanja a Mboni popanda kusintha zambiri.

Wachiwiri ndi Ibn Taymiyya. A Mongol atalowa m'dera la Damascus mu 699 AH n'kugwira anthu ambiri, iye anapita kukakambirana zowamasula. Mtsogoleri wa asilikaliwo anavomera kumasula Asilamu okha. Ibn Taymiyya anakana, naumirira kuti Akhristu ndi Ayuda omwe ankakhala pansi pa chitetezo cha Asilamu amasulidwenso, ndipo anamasulidwadi. Iye mwini anadzafera m'ndende ya linga la Damascus mu 728 AH (1328), atalandidwa zolembera ndi mapepala chifukwa cha fatwa zake.

Maziko a zonsezi ali m'Qur'an. Ayah 256 ya Surah al-Baqarah ikuletsa kukakamiza munthu pa chipembedzo, ndipo ayah 8 ya Surah al-Ma'idah ikutilamula kuti chidani chathu ndi anthu ena chisatichititse kusiya chilungamo. Kutsutsana ndi wa Mboni pa khonde, ndi umboni komanso mwaulemu, ndi da'wah. Kukondwera akamatengedwa pa lole kupita ku ndende ndi kuthandizira zulm. Palinso nzeru ya padziko pomwe pano: Asilamu m'Malawi ndife ochepa poyerekeza ndi Akhristu, makamaka m'madera ngati Mpingu ndi Nsaru. Boma lomwe lili ndi mphamvu yoletsa mpingo umodzi ndi chikalata chimodzi lili ndi mphamvu yomweyo pa mzikiti.

Zomwe zatsalira m'manja mwathu

Kusintha kunayamba pomwe atsogoleri a zipembedzo anasiya kukhala chete. Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi awo m'dziko lonse, ndipo mwa zina inadzudzula kumanga anthu popanda mlandu. Boma linalengeza kuti kupezeka nayo ndi mlandu, n'kuthamangitsa Monsignor John Roche wa ku Mzuzu. Pa 6 April Chakufwa Chihana anagwidwa atangotsika ndege pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi. Chaka chomwecho bungwe la Public Affairs Committee linakhazikitsidwa, ndipo Muslim Association of Malawi inali m'gulu la mabungwe omwe anakhala pamodzi m'menemo. Riferendamu ya pa 14 June 1993 inatsegula njira ya zipani zambiri. Malamulo oyendetsera dziko omwe tili nawo lero, mu gawo 33, akuteteza ufulu wa chipembedzo ndi chikumbumtima, ndipo gawo 42 likulamula kuti womangidwa aonekere ku khoti pasanathe maola 48.

Pali ntchito zomwe malamulowa sangatigwirire. Yoyamba ndi ya katundu. Anthu akamathawa mu 1972 ndi 1975 anasiya minda, mbuzi, nkhokwe ndi malata, ndipo zina zinalowa m'manja mwa anansi. Fiqh imatcha zimenezi ghasb, kulanda, ndipo kupita kwa zaka sikusandutsa cholandidwa kukhala halali. Imam al-Nawawi akufotokoza kuti tchimo likakhudza munthu mnzako, toba siikwanira mpaka ubweze chake kapena akukhululukire. Lamuloli silisiyanitsa ngati mwini katunduyo ndi Msilamu kapena ayi, ndipo mwini akamwalira ufulu wake umapita kwa alowam'malo ake. Bungwe la boma la National Compensation Tribunal linatseka ntchito yake anthu ambiri asanalandire chipukutamisozi, koma mlandu suola. Ngati banja la Chisilamu likudziwa kuti munda womwe likulima unabwera mwa njira imeneyi, lipite kwa Sheikh ndi kwa anyakwawa nkhaniyo ikakonzedwe eni ake akadali moyo.

Yachiwiri ndi ya aphunzitsi. Pophunzitsa mutu wa ikrah kapena mbiri ya mihna, tiziika pambali pake 1967, 1972 ndi Dzaleka. Ophunzira atumidwe kukakhala pansi ndi agogo a m'midzi yawo, Asilamu ndi omwe si Asilamu, alembe zomwe anaona, motsata mwambo wathu wa isnad: wanena ndani, anaona yekha kapena anangomva. Ummah womwe unasunga mayina a anthu omwe anafera m'ndende za Baghdad zaka zoposa 1,100 zapitazo sungalephere kusunga mbiri ya zaka 50.

Yachitatu ndi ya akaidi a lero. Ndende ya Maula ili m'boma lathu lomwe lino, ndipo mu 2009 khoti linagamula kuti kuthithikana kwa akaidi m'ndende za dziko lino n'kuphwanya ufulu wawo. Muli anthu omwe akudikira milandu yawo nthawi yaitali kuposa yomwe malamulo a dziko komanso al-Zubayri angalole. Makomiti a mizikiti omwe amapititsa futari ku ndende m'mwezi wa Ramadhan angathe kuonjezera funso limodzi pa ulendo wawo: m'bale uyu anaonekera liti ku khoti? Funso limenelo lifunsidwe pa mkaidi aliyense, wovala kofia ndi wosavala.

Tikupempha Allah atiteteze kuti tisapondereze kapena kuponderezedwa, ndipo amasule aliyense womangidwa mopanda chilungamo. Allah ndiye akudziwa bwino.